Mabuku a mayi wopatutsa namondwe: ife a ku Blantyre tawawerenga bwanji?

Nabanda (Chilomoni):
Moni nonse a pa gulu lathu la owerenga. Monga tinapangana, sabata ino ndi yoti aliyense anene zimene waona m'mabuku aja amene akhala akuyenda m'manja mwathu kuyambira nthawi ya chiperoni, onena za mayi wa ku America wogwira ntchito yolosera za nyengo, amene agogo ake anamusiyira mphamvu yolankhula ndi mizimu ya mumlengalenga. Atatu oyambawo ndinawagula kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe, ndipo lachiwiri linabwera lopanda chikuto, n'chifukwa chake mwalilandira lokutidwa ndi pepala la kalendala. Amene simunamalize kuwerenga mutikhululukire, chifukwa pano tiulula zambiri.

Ine chimene chinandigwira mtima ndi malipiro amene mizimuyo imafuna. Nthawi iliyonse mayiyu akaipempha kuti ipatutse namondwe, imamulanda chinthu chimodzi mwa zimene amakumbukira, ndipo iye sadziwa n'komwe kuti chachoka n'chiyani mpaka tsiku limene adzachifune. Pamene anaima kukhitchini atagwira kapu ya malemu mayi ake, n'kulephera kukumbukira mmene mawu awo ankamvekera, ndinatseka bukulo ndi kukhala kaye duu. Koma buku lachiwiri landisiyira funso limene likundisowetsa mtendere. Atapatutsa namondwe kuti asawononge mzinda wake, namondweyo anakagwera pa kachilumba ka asodzi, ndipo wolemba anapatsa anthu amenewo masamba awiri okha, kenako nkhani n'kubwerera ku moyo wa mayiyo ngati palibe chachitika. Kodi ndine ndekha amene ndinavutika nazo?

Kondwani (Ndirande):
Zikomo mayi Nabanda potibwereka mabukuwa. Ine ndinamaliza atatu onse m'masabata awiri, ndipo usiku wina magetsi atazima ndinapitiriza ndi kuwala kwa foni mpaka batire inatha. Chimene chinandikoka ndi chakuti mizimu yake sikhala kumanda kapena m'nkhalango monga tinazolowera m'nthano za agogo athu, koma imakhala pamwamba pa nyumba zosanja, imayenda m'mawaya a magetsi, ndipo wina umakonda kudikira pa siteshoni ya sitima ngati munthu wapaulendo. Eni ake nkhani zotere amazitcha urban fantasy, ndipo mphamvu yake ili pomwepo, kuti zodabwitsa zikuchitika pakati pa anthu amene akuthamangira kuntchito.

Za kachilumbako, ine ndikuganiza kuti wolemba anachita dala. Nkhani yonse tikuimva m'kamwa mwa mayiyo, ndipo iye mwini sakufuna kuyang'ana chimene wachita, choncho amangochidutsa msanga monga achitira munthu amene chikumbumtima chikumutsutsa. M'buku lachitatu, pamene zikudziwika kuti akuluakulu a bungwe lina lachinsinsi amagulitsa mvula kwa eni minda ikuluikulu, ndi pamene owerenga amazindikira kuti masamba awiri aja sanali ongoiwala.

Make Tadala (Chilobwe):
Sindinkafuna kulemba pa nkhaniyi, koma popeza mayi Nabanda afunsa, ndiyankha. Simuli nokha, mayi. Ine buku lachiwirilo ndinaliwerenga ngati munthu wa pa kachilumbako.

Usiku wa Lamulungu pa 12 Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, mvula inali itagwa kale osalekeza, magetsi kunalibe, ndipo tinagona titavala chifukwa madzi anali akulowa pansi pa chitseko. Chimene chinatidzutsa chinali phokoso lochokera ku phiri la Soche, ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi, ndipo pansi pankanjenjemera. Bambo a kunyumba anamunyamula Tadala, ine ndinagwira dzanja la mng'ono wanga, n'kuthawira chakumbali osadziwa kumene tikupita. Kutacha, pamene panali nyumba za anzathu panali khwawa la matope ofiira ndi miyala ikuluikulu kuposa galimoto. Mayi amene ndinkagawana nawo mchere tsiku ndi tsiku sanapezeke mpaka lero, koma chitenje chawo cha maluwa obiriwira ndinachiona chitakodwa pa chitsa cha mtengo wa mango, ndipo ndinachitola, ndinachichapa, ndipo ndikuchisunga.

Achimwene a Kondwani, mwina mukunena zoona kuti wolemba anachita dala. Koma ine nditafika pa masamba awiri aja ndinafunafuna dzina la msodzi ngakhale mmodzi, ndipo sindinalipeze. Galu wa mayi wa m'bukuyo ali ndi dzina, galimoto yake aifotokoza mtundu ndi zaka zake, koma anthu a pa kachilumba ndi chiwerengero chabe pa wailesi yakanema. Zimenezo zinandipweteka kwambiri.

Kondwani (Ndirande):
Pepani kwambiri, mayi a Tadala. Ndinalemba ngati munthu wongosangalala ndi nkhani, osaganizira kuti pa gulu lino pali amene anadutsa m'zimenezi ndi thupi lawo. Ndabwereranso pa masambawo ndipo ndapezadi kuti dzina palibe.

Che Saidi (Limbe):
Mayi a Tadala, Mulungu apitirize kukutonthozani pamodzi ndi onse a ku Chilobwe ndi ku Manja. Ine ndikufuna kunena chifukwa chimene mabuku amenewa anandikokera ngakhale ndine munthu wamkulu amene nthano zotere ndinazisiya kalekale. Namondwe wa Freddy anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, anawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, anagunda Madagascar, analowa mu Mozambique, kenako anabwereranso kunyanja, n'kudzalowanso kachiwiri cha ku Quelimane pa 11 Malichi asanatifike ife. Anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'kaundula amene anakhalitsa chotere. Mu shopu yanga anthu ankanena kuti chinthu chimene chimapita n'kubwerera ndiye kuti chili ndi maganizo, chikufuna winawake. Anali anthu ophunzira bwino ena mwa iwo.

Munthu zimamuvuta kuvomereza kuti tsoka lalikulu chonchi lilibe mwini wake. Mabukuwa amatipatsa mwini wake, amene ungalankhule naye, kumupempha, ngakhale kukangana naye. Ife Asilamu timakhulupirira kuti majini alipo, ndipo analengedwa monga ife tinalengedwera, koma mvula ndi mphepo si zawo, ndi za Mulungu yekha. Choncho ine ndimawerenga ndikudziwa kuti ndi nthano, komabe ndimamvetsa njala imene nthanoyo ikufuna kuthetsa.

Aphunzitsi Opuma (Chigumula):
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga zolemba zanu mwachidwi, ndipo mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa kwathu ndi ku Nsanje ndipo za mvula ndi mizimu sindinaziyambire m'buku.

Mabukuwa ndi olembedwa mwaluso, zimenezo sinditsutsa. Koma chimene chinandidabwitsa kuyambira mutu woyamba ndi chakuti mayiyu amachita zonse yekha. Amakwera yekha pamwamba pa nyumba, amaitana mizimu yekha, amagamula yekha kumene mphepo ipite, ndipo palibe mfumu, palibe akuluakulu, palibe mudzi umene wamutuma. Kwathu mvula sinali ya munthu mmodzi. Ku Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, anthu akamapita nthawi ya chilala amapita m'dzina la dziko lonse, mafumu akudziwa, atatenga nsalu yakuda ndi zopereka zimene midzi yasonkha. Kachisiyo akafuna kumangidwanso, si ntchito ya banja limodzi ayi. Amang'anja amasimba kuti Mbona anavina mvula n'kugwa pamene akuluakulu analephera, ndipo nsanje imeneyo ndi imene inamuphetsa, mutu wake n'kukaikidwa ku Khulubvi. Onani kuti ngakhale m'mbiri yathu, munthu amene mphamvu ya mvula inaonekera pa iye yekha sanakhalitse ndi moyo, ndipo anakhala wa anthu onse atamwalira.

Chimodzimodzi kwa Achewa ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, kumene kunali Makewana, mayi wa ana onse. Iye sankameta tsitsi lake chifukwa ankati kumeta kungatseke mvula, ndipo moyo wake wonse unali womangidwa ndi miyambo. Thupi lake lenilenilo silinali lake, linali la anthu. Ndipo mawu amene makolo ankagwiritsa ntchito ndi akuti kupempha mvula. Munthu ankagwada, ankawomba m'manja, ankathira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pa mtengo, n'kudikira. Mzimu ukhoza kuvomera kapena kukana. M'mabukuwa ndaona kugula, chifukwa mayiyu amalipira ndi zokumbukira zake ndipo mizimu imachita monga mwa pangano, ngati wogulitsa pamsika amene walandira ndalama. N'chifukwa chake asodzi aja alibe dzina, mwana wanga wa ku Chilobwe. Pa malonda amene akuchitika pakati pa awiri, wachitatu sawerengedwa. Kukanakhala kupempha kwa mudzi, wina akanaimirira pabwalo ndi kufunsa kuti mphepoyi tikaikana ife ikagwera kwa yani.

Nabanda (Chilomoni):
Aphunzitsi, mwandithandiza kutchula chimene ndinkangochimva mumtima osachipezera mawu. Komabe ndifunse, kodi kutaya zokumbukira za mayi ako si nsembe yaikulu kuposa ufa wa m'lichero? Ine pamenepo sindinaone malonda okha, ndinaonapo munthu akudzipereka.

Aphunzitsi Opuma (Chigumula):
Ndi nsembe yaikulu ndithu, mayi, ndipo nanenso pa kapu paja misozi inalengeza. Koma taonani amene anavomera kulipira ndi amene analipiritsidwa. Mayiyo anasankha yekha kutaya mawu a mayi ake. Asodzi sanafunsidwe. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti wopemphayo ndiye aponde matopewo. M'bukuli wolira mvula ndi wina, woponda matope ndi wina.

Nachisale (Zingwangwa):
Ine ndinene mosabisa kuti buku lachitatu sindinalimalize, ndipo ndinalibweza kwa mayi Nabanda nditafika pakati. Awiri oyamba ndinawapirira poganiza kuti ndi nthano monga za kalulu ndi fisi. Koma pamene mayiyu anayamba kukondana ndi mzimu umene umabwera usiku m'maonekedwe a mwamuna, mtima wanga unakana. Kutchalitchi kwathu timapempherera amayi amene amabwera akulira kuti akuvutitsidwa m'maloto ndi zinthu zoterezi, ndipo kaya wina amati ndi matenda a maganizo kaya ndi ziwanda, misozi yawo ndaiona ndi maso anga. Kwa wolemba wa kutali zimenezi ndi zokometsera nkhani ya chikondi, koma kwa ife si zachilendo ndipo si zokoma. Sindikuweruza amene mwapitiriza kuwerenga, koma mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 sindingamupatse buku limeneli.

Chisomo (Chitawira):
Mayi Nachisale, ndikulemekeza maganizo anu ngakhale ine ndinamaliza bukulo ndipo chikondicho ndinachiona ngati njira ya wolemba yosonyezera kusungulumwa kwa munthu amene akuiwala abale ake mmodzimmodzi, mpaka wotsala womudziwa ndi mzimu wokhawo umene ukumudya. Koma mwakhudza mfundo imene ine ndimaiona yaikulu kuposa zonse, yakuti zimene kwa iwo ndi zongopeka, kwa ife zili ndi mitembo.

Ku America wolemba angathe kupanga ngwazi ya mayi wolamula mphezi, owerenga n'kumuombera m'manja, chifukwa palibe mnansi amene mawa lake adzatenge chikwanje. Kuno mvula ikachedwa, m'midzi ina mumamveka kuti agogo akutiakuti amanga mvula, ndipo amene amalozedwa chala nthawi zambiri ndi wokalamba wosauka, makamaka mayi wamasiye. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe mtsikana wina atafa ndi mphezi, powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika msanga pamene gulu lakwiya. Agogo anga aakazi amakhala okha kumudzi, maso awo ndi ofiira chifukwa cha utsi wa nkhuni wa zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse mvula ikadula mu Januwale ine ndimawaimbira foni kawirikawiri kuposa nthawi zonse. Choncho ndikamawerenga za mayi wa mphamvu pa nyengo akuyenda momasuka m'misewu, akumwa khofi, ndimaganiza kuti akanakhala wa kuno nkhani yake ikanathera m'mutu wachitatu.

Nachisale (Zingwangwa):
Achemwali a Chisomo, pamenepo tagwirizana. Kupha okalamba ndi tchimo lalikulu, ndipo ife a mipingo tiyenera kulankhulapo mokweza kuposa mmene timachitira.

Kondwani (Ndirande):
Ndamvetsera zonsezi ndipo funso langa tsopano lasintha. Ngati mabuku akunjawa sakutikwanira, kodi nkhani yotereyi singalembedwe ya mu Blantyre muno, m'Chichewa? Mzinda wathu wazunguliridwa ndi mapiri, Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe, ndipo mitsinje monga Mudi ndi Nasolo ikudutsa pakati penipeni pa anthu. Ine ndimaganizira za mnyamata woitanira minibasi ku Ginnery Corner amene amamva kununkhira kwa mvula kutatsala masiku atatu, kapena mayi wogulitsa makala amene amadziwa kuti phiri likudandaula. Kapena achemwali a Chisomo akutanthauza kuti nkhani zotere n'zoopsa kuzilemba kuno?

Chisomo (Chitawira):
Sindikunena kuti zisalembedwe, achimwene. Ndikunena kuti wolemba wa kuno sangathe kubisa mantha amenewo, ndipo akawaika m'nkhani moona, buku lake lidzakhala lolemera kuposa awa. Mnyamata wanu wa pa minibasi vuto lake loyamba silidzakhala mizimu, lidzakhala lakuti akachenjeza anthu n'kuchitikadi, adzamufunsa kuti anadziwa bwanji.

Aphunzitsi Opuma (Chigumula):
Mwana wanga Kondwani, mbewu yake ilipo kale, ndipo dzina lake ndi Napolo. Makolo ankati ndi chinjoka chimene chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamuka kupita kumadzi akuya chimang'amba phirilo, n'kukokolola miyala, mitengo, milatho ndi nyumba zonse za m'njira yake. Chinadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, ndipo chinadutsanso ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazana. Malemu Steve Chimombo anamutenga Napolo ameneyu n'kumuika m'ndakatulo zake zimene zinatuluka mu 1987, ngakhale analemba m'Chingerezi. Chimene ndimachikonda pa Napolo ndi chakuti palibe amene amamulamula kapena kumugula. Sadana ndi munthu, sakonda munthu, amangodutsa njira yake yakale, ndipo nzeru ya makolo inali kudziwa njirayo ndi kusamangamo.

Ndipo mawu a nyengo tili nawo ochuluka amene wolemba angasewere nawo. Mvula yoyamba ija yogwa pa tchire lopserera timaitcha chizimalupsa. Kamvula ka nkhungu kozizira ka mu Juni ndi Julayi, kamene kamakuta Limbe ndi Thyolo mpaka osaona patali, ndi chiperoni, ndipo dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene mphepoyo imadzera. Asodzi a kunyanja amadziwa mwera ndi mpoto ngati anthu a m'banja mwawo. Utawaleza tikautchula timatchula uta wa Leza, ndipo Mphambe ndi dzina la Mulungu pamene akugunda m'mitambo. Mayi anga, amene anaona njala ya 1949 ali mtsikana, ankayang'ana kumwamba madzulo aliwonse mpaka ukalamba wawo, ndipo ankatchula mitambo ngati akutchula alendo amene akuwayembekezera.

Bambo Mwale (Chileka):
Ine ndimaphunzitsa jogalafe ku sekondale, choncho ndinawerenga mabukuwa ndi diso lina. Ndiyamikire kuti wolemba anafufuza bwino za sayansi yake. Pamene mayiyu akufotokoza kuti namondwe amadya kutentha kwa madzi a m'nyanja ndipo amafooka akalowa kumtunda, zimenezo n'zoona, ndipo mutu umenewo ndinawawerengera ana a Fomu 4 m'kalasi. Koma mbali imene inandikhumudwitsa ndi yakuti anzake a ku ofesi, amene amayeza mphepo ndi kulemba machenjezo, awaonetsa ngati anthu osathandiza amene akungodikira kuti wamatsenga awapulumutse. M'moyo weniweni ndi anthu amenewo amene amapulumutsa miyoyo. Nthambi yathu yoona za nyengo, imene likulu lake lili mu Blantyre momwe muno, inachenjeza za Freddy asanafike, ndipo mawailesi analengeza.

Za Napolo, ndimawauza ana kuti makolo anaona zoona ngakhale anazifotokoza mwa njira yawo. Mvula ikagwa masiku angapo pa phiri lotsetsereka, dothi limamwa madzi mpaka kulemera ndi kuterera pamwamba pa thanthwe, ndipo likayamba kutsika limatsata makwawa omwewo amene linatsata kale. Mitengo ikadulidwa, mizu yogwira dothilo imatha. Ine ndikukumbukira Ndirande ali ndi nkhalango ya paini, ndipo lero ndi phiri lometedwa. Tikamamanga m'mphepete mwa mapiri ndi m'makwawa, timakhala tikumanga m'njira ya Napolo.

Make Tadala (Chilobwe):
Bambo Mwale, zonse mwanenazo n'zoona ndipo chenjezo tinalimva pa wailesi. Koma ndikupempheni kuti mukamawaphunzitsa anawo muziwauzanso chifukwa chimene munthu amakamangira kapena kuchita lendi m'mbali mwa phiri. Ife tinapita kumeneko chifukwa ndi kumene nyumba ya zipinda ziwiri tinkaikwanitsa ndi malipiro a ulonda a bambo a kunyumba. Chenjezo linati tisamukire kumalo okwera, ndipo ife tinali kale kumalo okwera, choncho tinaganiza kuti uthengawo ndi wa anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene madzi amawasefukira chaka ndi chaka. Palibe mwa ife amene ankaganiza kuti imfa ichokera kumtunda. Ndipo ngakhale tikanadziwa, usiku umenewo, ndi ana, ndi katundu amene ukamusiya sudzamupezanso, tikanapita kwa yani?

Ichi ndi chimene ndikanafuna buku lija linene za asodzi. Osati kuti anafa angati, koma chifukwa chimene ankakhalira pa kachilumba kameneko, chimene anadya madzulo ake, ndi amene anatsala kuti atole zitenje.

Bambo Mwale (Chileka):
Mwandidzudzula moyenera, mayi, ndipo ndalandira. Mawu akuti malo okwera ndakhala ndikuwabwereza m'kalasi osaona kuti kwa munthu wa ku Soche akutanthauza zosiyana ndi kwa munthu wa ku Makhanga. Phunziro limenelo ndikalikonzanso teremu ikubwerayi.

Che Saidi (Limbe):
Ndabwereranso nditatseka shopu. Mawu a mayi a Tadala andikumbutsa kuti chaka chimodzi Freddy asanafike, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo tonse tinakhala miyezi yambiri m'kuzimazima kwa magetsi. Ife a m'tauni tinadandaula kwambiri za mafiriji ndi zigayo, koma anthu a kuchigwa amene nyumba ndi minda yawo zinapita ndi madzi omwewo tinawapatsa masamba awiri athu, n'kubwerera ku nkhani zathu. Choncho pamene tikumudzudzula wolemba wa ku America, ine ndikuona kuti chimene anachitacho ndinachichitanso ndili pa Limbe pompano. Mwina achimwene a Kondwani sanalakwe kwenikweni ponena kuti anachita dala.

Nabanda (Chilomoni):
Che Saidi, ndinamva kuti buku lachinayi muli nalo ndinu, limene mwana wanu anakubweretserani kuchokera ku Johannesburg. Musatiululire mathero, koma tiuzeni chimodzi chokha, kodi anthu a pa kachilumba aja akutchulidwanso?

Che Saidi (Limbe):
Ndili nalo, mayi, ndipo ndafika pa mutu wachisanu ndi chiwiri. Ndinena ichi chokha: buku likuyamba ndi mnyamata amene wafika pa ofesi ya mayi uja atanyamula ukonde wong'ambika m'thumba la pulasitiki, ndipo dzina ali nalo. Chovuta n'chakuti mayiyo namondwe ameneyo sakumukumbukira, chifukwa mizimu inamulanda tsiku lomwelo.

Aphunzitsi Opuma (Chigumula):
Ngati zili choncho, chiweruzo changa ndichisunge kaye mpaka nditaliwerenga. Ndikufuna ndione ngati mnyamatayo apatsidwa bwalo loti alankhule yekha, kapena wabwera kudzangothandiza mayiyo kulira.

Make Tadala (Chilobwe):
Che Saidi, mukamaliza ndikupempha kuti ndikhale woyamba kulilandira, ngati anzanga avomera. Loweruka lililonse m'mawa ndimapita kukapikula tomato ndi anyezi ku Limbe, choncho ndikhoza kudutsira pa shopu yanu. Ndidzabwera ndi pepala lolikutira kuti lisade ndi dothi la m'dengu.

Che Saidi (Limbe):
Ndiliwerenga usiku uno ndi mawa kuti Loweruka lidzakhale lokonzeka. Mukadzapeza nditapita ku mzikiti, ndidzalisiya kwa mnyamata wa pa kauntala litalembedwa kuti Make Tadala.